Ku Senga Bay ndi injini ya 15, zolemba za sabata ino

Lolemba

Ndafika ku Senga Bay abale, netiweki ikubwera nkumapita nde muzindipirira ndikachedwa kuyankha. Amene simukudziwa nkhani yake, ine ndi achimwene anga tinasonkherana nkugula injini ya boti, Yamaha Enduro ya 15 (15 hosipawa, ndiyo mphamvu yake), yogwirapo kale ntchito koma yooneka bho, yoti tiike pa boti la mapulanga la amalume lomwe lakhala likungopsa ndi dzuwa pagombe chiferereni injini yawo yakale. Pulani ndi yoti lizinyamula alendo ofuna kukaona zilumba, masiku ena lizithandizako pa usipa. Nde achimwene amvekere iwe ndi amene uli pa holide, pita ukazione wekha, osati tizingomva pafoni kuti injini yafuna chakuti tumizani ndalama ife osadziwa kuti chakuticho nchiyani.

Ulendo wake ndi uja mukuudziwa, M14 kuchoka ku Lilongwe makilomita ngati 100, ukangodutsa pa Mvera nkuyamba kutsetsereka juzi imavulidwa yokha olo uno ndi Ogasiti. Pa Kamuzu Road ndinakwera Sienta yopanikizana mpaka kuno, makilomita ena ngati 20, chigubu cha petulo chili pakati pa miyendo anthu akundiyang'ana moipa.

Phunziro layamba lero lomwe ndisanamwe nkomwe madzi. Injini izi ndi za thu sitiroko, zilibe malo ake a oyilo ngati galimoto, oyilo amasakanizidwa mu petulo momwemo. Muyezo wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza kuti pa lita imodzi ya petulo mamililita 20 a oyilo, pa chigubu cha malita 20 ndiye mamililita 400. Amalume ali ndi kabotolo kodulidwa chizindikiro ndi mpeni, sayerekeza ndi maso ayi. Oyilo wakenso si wina aliyense, pa botolo pazilembedwa TC-W3, ndiye wa mainjini ozizira ndi madzi. Wa njinga yamoto kapena wa galimoto amvekere "mwanawe, amenewo ukathira injini iyenda ndithu, koma uzidzagula mapulagi sabata ndi sabata." Ukachepetsa oyilo mapisitoni amagwira, ukachulutsa ndi utsi wokhawokha.

Chinanso, petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanolo, uja wochokera ku nzimbe, ku Dwangwa anayamba kumupanga mu 1982. Ethanolo amakoka chinyezi, nde petulo wokhalitsa mu thanki ya boti amatha kusonkhanitsa madzi pansi. Choncho amasakaniza woti atha masiku ochepa basi, ndipo pothira amasefa ndi kansalu koyera.

Lachiwiri

Tadzuka kusanache bwino, nyanja ili phee. Injiniyi makilo ake ndi oposa 35, anyamata awiri a amalume anainyamula mutu uli m'mwamba pulopela ili pansi, nkuikoleka pa thabwa la kumbuyo kwa boti, kumanga zomangira zake ziwiri zija ndi manja mpaka gwa, kenako kachingwe kena kuchoka pa injini kumangirira ku boti. Ndinafunsa kuti chingwecho ncha chani poti mwamanga kale. Mnyamata wina amvekere "asisi, zomangirazi zimamasuka ndi kunjenjemera, pansi pa nyanjayi pali mainjini ambiri kuposa kusitolo." kkkk

Injiniyo sanailize pagombe. Tinakankha boti, kupalasa ndi nkhafi mpaka pomwe madzi afika m'chiuno mwa munthu wamkulu, apo mpomwe anatsitsa mwendo wa injini m'madzi. Izi muzisunge, tidzazikambanso mawa.

Kuliza kwake kuli ndi ndondomeko ndipo amalume anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza. Kumasula kaye kasikuluwu ka mpweya pa chivindikiro cha thanki, ukaiwala ameneyu injini imayenda pang'ono nkuzima wekha nkumadabwa. Kulumikiza payipi, kufinya kampira kaja ka pa payipi mpaka kalimbe. Giya pa nyutulo. Kachingwe kofiira kozimitsira injini ukoleke pa batani pake, mbali inayo padzanja kapena pamwendo pako. Ngati injini yazizira ukoke choko, kabatani kothandiza kuti ilire msanga. Kenako uyang'ane kumbuyo ngati kulibe munthu woti umuswa mano ndi chigongono, ukoke chingwe pang'onopang'ono mpaka umve chagwira, apo nde ukoke mwamphamvu kamodzi, ndipo osachitaya, uchiperekeze pobwerera. Ikalira ubweze choko.

Ikangolira, maso asapite kwina kulikonse koma kumbuyo kwa injini, pansi pa chivindikiro, pomwe pamatuluka kamtsinje ka madzi. Iwo amangoti kukodza. Ikukodza? Ngati eya isiye ilire payokha mphindi ngati zitatu itenthe. Ngati ayi, zimitsa pompo. Amalume pa ichi sachita nthabwala, mmawa wonse amangondifunsa mwadzidzidzi tili pakati poyenda, "ikukodza?" ine nkucheuka, mpaka khosi linazolowera kucheuka lokha.

Kachingwe kofiira kaja anthu ambiri kuno amakangokulunga pa chigwiriro, ena anakataya kalekale anamangapo waya. Ine ndaona kuti ndi chibwana chimenecho. Woyendetsa akagwera m'madzi injini ikulira, chigwiriro chimathawira mbali imodzi boti nkumazungulira pomwepo, pulopela nkubwerera pa munthu yemweyo. Kali padzanja ukagwa kamasolola injini nkuzima.

Tsopano kuyendetsa. Ndinakhala kudzanja lamanja la boti, dzanja lamanzere pa chigwiriro, moto, kutanthauza liwiro la injini, umapotokola pa chigwiriro pomwepo. Mutu umabalalika poyamba chifukwa ukakankhira chigwiriro kumanzere boti limapita kumanja. Amalume anangoti waiwala wilibala? Ukafuna kuti tayala lilowere kumanja manja ako amapita kumanzere. Basi kuyambira pamenepo zinalowa. Boti limakhota ndi kumbuyo, nde ukakhala pafupi ndi boti lina kapena mwala, mutu ukhoza kudutsa bwinobwino koma matako nkukamenya. Komanso mabuleki palibe. Ukachotsa moto limapitabe, ndipo ukachotseratu giya chiwongolero chimachepa mphamvu chifukwa chomwe chimakhotetsa ndi madzi omwe pulopela ikukankha. Posintha giya moto ukhale pansi penipeni, ndipo ulowetse kamodzi molimba mtima, khwa, osati monyengerera, ukamanyengerera umamva kukukuta kuja ndipo ndi mano a giya akutha amenewo. Kuchoka kutsogolo kupita livesi uime kaye pa nyutulo.

Anaponya chigubu chopanda kanthu m'madzi amvekere uyo ndi mwana wagwa, kamutenge. Tinathera mmawa wonse pa chigubu chimenechi. Umachifikira pang'onopang'ono mutu wa boti utaloza komwe mphepo ikuchokera kuti mphepoyo ikuthandize kuima, ndipo chikafika pambali injini ikhale pa nyutulo, akakhala munthu weniweni uzimitsiretu asanayandikire kumbuyo. Mkono ukuwawa ndikunena pano, koma chambo chootcha chomwe azakhali anatikonzera chandipepesa.

Lachitatu

Lero ndiye tsiku lomwe ndaona kuti ndalama ya thiransipoti sinapite pachabe.

Kunabwera amakaniko, madala ena ake omwe amakonza mainjini a asodzi gombe lonseli, zida zawo zili mu kachikwama ka sukulu. Amalume anawaitana kuti aione injini mkati poti tagula kwa munthu ndipo mbiri yake sitikuidziwa. Asanayambe kunabuka mkangano, mnyamata wa boti loyandikana nalo amvekere zotsukuluza injinizo ndi za kunyanja ya mchere, ku Beira kapena ku Nacala uko, kuno madzi ndi abwino timamwa, mukungotaya nthawi. Mbali ina akunena zoona, kumadzi a mchere injini imayenera kutsukuluzidwa ndi madzi abwino ulendo uliwonse chifukwa mchere ukaumira mkati umatseka njira za madzi nkumadya chitsulo. Madala aja sanamuyankhe, anangomasula mabawuti a mwendo wa injini, kuutsitsa, kutsegula kabokosi ka pampu nkumuitana kuti tabwera uone.

Mkati mwake muli kampira kakuda ka timapiko, impela, kukula kwake kosadzadza nkomwe chikhatho. Kamazungulira ndi shafuti, kumakoka madzi kudzera pa timabowo ta sefa tomwe tili m'mbali mwa mwendo pamwamba pa pulopela, nkuwakankhira m'mwamba kukazungulira ma silinda. Injini yonseyi ilibe ladiyeta, ilibe fani, ikudalira kampira kameneka. Kathu timapiko tinali titapindikira mbali imodzi osabwereranso, nsonga zake zolimba zong'alukang'aluka, kaphiko kamodzi koduka theka. Kambale kachitsulo komwe kamatsetserekapo kanali ndi mizere yozungulira yoti chikhadabo chimakodwamo. Anapukuta ndi chala mkati mwa bokosi nkundipaka padzanja, mchenga wosalala wosakanikirana ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono. Amvekere "mayi, mchere kuno kulibe inde, koma uwu nde mchere wathu."

Mchengawo umalowa nthawi iti? Pokocheza ndi ponyamuka. Anthu amabwera ndi moto mpaka boti litakwera pagombe kuti asavutike kukoka, pulopela ikutakasa mchenga, pampu nkumameza madzi a mchenga omwewo. Ena kumathiriro a mitsinje ngati Linthipe komwe madzi ndi a matope, makamaka nthawi ya mvula. Matope aja akaumira mkati injini itakhala masiku osalira amatseka tinjira, ndere ndi udzu zimamata pa sefa. Nde kaphiko koduka kaja sikasowa, kamakwera ndi madzi nkukatsekera penapake m'mwambamo, madala anachita kukafunafuna mpaka anakapeza pakamwa pa payipi yokwera, amvekere tikanangoika impela yatsopano osakachotsa mukanabweranso mawa.

Ataika yatsopano nkubweza mwendo, anandionetsa kutsukuluza kwake. Kuno anthu ambiri alibe mpopi wa payipi nde amagwiritsa ntchito mgolo wodula pamwamba. Injini amaikoleka pa thabwa lolimba, mwendo uli mu mgolo, nkuthira madzi oyera mpaka apitirire chipsepse chopingasa chija chili pamwamba pa pulopela, apitirire ndithu ndi chikhatho chathunthu chifukwa pampu ili pamwamba pa chipsepsecho ndipo imafunika imire. Pulopela ndi bwino kuichotsa kaye. Giya pa nyutulo ndipo isachokepo. Kuliza, kuona ngati ikukodza, nkuisiya ilire payokha mphindi 5 mpaka 10 osaipatsa moto, uku ukuyang'ana kuti madzi mu mgolo asatsike. Uziika dzanja pa mkodzowo, ukhale wofunda chabe, ukayamba kuotcha kapena kutuluka nthunzi pali vuto. Madzi a mu mgolowo amatsala ndi mafuta a utsi pamwamba nde si othira m'nyanja momwe anthu akuchapa ndi kutunga, amakathira kutali pa dothi.

Amene muli ndi mpopi kuli timakutu ta labala togulitsa tomwe timavekedwa pa timabowo ta sefa tija nkulumikiza ku payipi. Lamulo lake, tsegula madzi kaye kenako liza injini, pomaliza zimitsa injini kaye kenako tseka madzi. Mainjini ena akuluakulu a folo sitiroko ali ndi polumikizira payipi pawokha, amenewo amatsukuluzidwa injini ili chozima, muone buku lake.

Koma njira yomwe amalume amaikonda ndi yaulere. Ukachoka ku matope kapena kosaya, usanakocheze pita pomwe madzi ndi akuya oyera uisiye ilire pang'ono pamenepo, nyanja yomweyo imatsuka. Kenako poyandikira gombe zimitsa, kweza mwendo, malizitsa ndi nkhafi. Mgolo ndi wa tsiku lomwe wayenda m'matope kwambiri kapena ukafuna kuisunga injini nthawi yaitali.

Chomwe madala anakalipa nacho kwambiri ndi chizolowezi choliza injini pamtunda "kungoyesa ngati ikulira". Impela imaterera ndi madzi, popanda madzi labala amapsa pa masekondi ochepa chabe, ndipo kunja sizioneka, umadzaziona uli pakati pa nyanja. Wogulitsa injini akakulizirani pouma kuti mumve kulira kwake, dziwani kuti mukagula ndi impela yomwe.

Anatsegulanso kasikuluwu ka pansi ka oyilo wa giya. Kunatuluka oyilo wotuwa mwamkaka, kusonyeza kuti madzi akulowa. Atachotsa pulopela, kumbuyo kwake kunali twaini wa mbedza atakulungana mpaka kusungunuka, ndi amene anadya silo, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe mu giya. Anasintha silo, oyilo watsopano wa nambala 90 amathirira pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la m'mwamba, nkutseka la m'mwamba kaye kenako la pansi. Ndalipira osawiringula. Mnyamata wa mkangano uja anazemba nthawi ina yake osatsanzika.

Lachinayi

Mwera. Unayamba usiku, pofika mmawa nyanja yonse mitu yoyera yokhayokha, mchenga ukulowa mpaka mu tiyi. Miyezi ino kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti ndi yake, umachokera kummwera chakummawa ndipo ukagwira umatha masiku. Ndinafunsa amalume ngati tingayeseko pafupi pompa kuti ndione mafunde, anangondiyang'ana nkupitiriza kusoka ukonde. Palibe boti lomwe latuluka.

Nde takhala tikucheza pansi pa mtengo ndi alovi, anyamata ogwira ntchito pa maboti a usodzi. Nkhani yakula ndi ya chilumba cha Mbenje, chomwe chili m'dera la Senior Chief Makanjira. Kumeneko kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu ndi amene amatseka ndi kutsegula usodzi, amatseka cha mu Disembala kudzatsegula cha mu Epulo ndi mwambo, ndipo utaka wa kumeneko ndi wosimbika. Mowa, chamba, juga nzoletsedwa pachilumbapo, akazinso saloledwa kupondapo, nde anyamata amandiseka kuti asisi boti lanu likapita inu muzikatsalira pagombe la Chikombe pomwe amanyamukira. Zilibe kanthu, bola lizibwera ndi ndalama.

Takambanso za mapepala. Boti lonyamula anthu limayenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi a dipatimenti ya Marine, lamulo lake ndi Inland Waters Shipping Act ya 1995, ndipo sukulu ya zoyendetsa sitima ili ku Monkey Bay. Izi ndawalembera achimwene kuti aziyendere iwowo, ine za maofesi sindizitha. Ma layifi jaketi nde ndanenetsa kuti aliyense wokwera azivala, osati kukhalira. Alovi ena amati ife timatha kusambira, koma kusambira pagombe ndi kusambira mu zomwe ndikuziona lerozi utavala jinzi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Lachisanu

Mphepo inagona usiku koma mafunde ake anatsalako, aataliatali oyenda mwaulesi. Amalume anati awa nde abwino kuphunzirira, tipite ku Namalenje, kachilumba ka miyala kaja kamaoneka ukaima pagombe la Senga Bay.

Tisananyamuke anayala zinthu pamchenga. Nkhafi ziwiri, chigubu chodula chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, mapulagi apadera ndi sipanala yake, kachingwe kolizira kapadera, pulayasi, madzi akumwa, foni mu jumbo yomanga. Petulo amawerengera patatu, gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Ya 15 ukaitsegulira moto wonse imamwa malita ngati 7 pa ola, ukabweza pang'ono liwiro silisintha kwenikweni koma mafuta amapulumuka ambiri. Azakhali anauzidwa komwe tikupita ndi nthawi yobwerera. Katundu wolemera pakati ndi pansi, anthu okhala mogawana mbali, woimirira palibe.

Polizapo injini inalira koma osakodza, timadontho chabe. Ndinazimitsa. Mnyamata anatenga kachidutswa ka twaini wokhuthala nkutokosa pa kabowo kotulukira madzi, kunatuluka kadothi, akuti mavu aja omanga ndi dothi amakonda timabowo timeneti injini ikagona panja. Kulizanso, mkodzo wamphamvu. Akuti ukatokosa koma osasintha, usanyamuke.

Mafunde sulimbana nawo maso ndi maso ndi moto wonse, boti limadumpha nkumenyetsa mimba pansi mapulanga nkumalira. Suwapatsanso nthiti, apo nde pogubuduzikira. Umawadula mopendekera, pang'ono kuchoka pa mutu, kuonjezera moto pokwera, kubweza pofika pamwamba kuti utsike mofatsa. Dzanja silichoka pa moto. Nde njira siikhala yowongoka, umapita mokhotakhota, chilumba uchione uko iwe ukulowera kwina kenako nkubwerera. Pokhota umadikira mpata wa pakati pa mafunde akuluakulu nkukhota mwachangu.

M'njira muli zambiri zoti uzione. Tizigubu ndi timabotolo toyandama pamzere ndi matchera a anthu, uzungulire kutali, ukadula ukonde wa munthu ndi mlandu komanso ukukulunga pulopela yako yomwe. Bwato la nkhafi ukalipeza bweza moto ulidutse patali, funde la injini yako likhoza kumumiza munthu ali ndi nsomba zake, ndipo wa injini ndi amene amapatuka. Mukakumana maso ndi maso ndi boti lina la injini aliyense akhotere kumanja kwake, ndipo ukhote mooneka kuti mnzakoyo adziwe maganizo ako. Kufupi ndi gombe nakonso amalume akuti chikwerereni madzi mu 2024 muja nyanja inalowa m'malo ogona alendo, pali zipupa, zitsa ndi miyala zomwe zinasintha malo ake oonekera, nde malo omwe sukuwadziwa yenda ngati ukufuna ndalama yotayika, wina ali kutsogolo akuyang'ana pansi. Kumabango ndi kumathiriro nde kwa mvuu, kumeneko sitinayandikireko.

Tili pakati, kulira kwa injini kunasintha pang'ono, ndikacheuka mkodzo wafooka. Moto pansi, nyutulo, kuzimitsa. Titakweza mwendo, jumbo yabuluu itamata pa sefa mbali zonse ziwiri. Kungoichotsa, kudikira pang'ono, kuliza, zonse bwino. Amalume sanayankhule kanthu koma ndinaona akumwetulira chakumbali. Majumbo amenewa tikutaya tokha m'misika nkumatsika ndi mitsinje, mxii.

Pa Namalenje sitinagunditse boti pamiyala. Tinapita mbali yobisika ku mphepo, mutu kuloza komwe mafunde akuchokera, nangula kutsitsa osati kuponya, ndipo amamangirira kutsogolo, ukamangirira kumbuyo komwe kuli kale kulemera kwa injini funde limalowera pomwepo. Chingwe chikhale chotalika kasanu kapena kupitirira kuyerekeza ndi kuya kwa madzi kuti nangula agone nkugwira. Madzi ake oyera mpaka umaona mbuna za buluu ndi zachikasu zikudya ndere pamiyala, ng'azi zikuothera dzuwa, nkhwazi ili pamtengo. Anyamata anasambira, ine ndinadya mbatata yanga.

Pobwerera mafunde anali kumbuyo ndipo izi nde zovuta kuposa popita olo zimaoneka zokoma. Funde likakunyamula kumbuyo boti limathamanga lokha, mutu nkufuna kuzama mu funde la kutsogolo, matako nkufuna kupitirira mutu. Umayenera kukhala pamsana pa funde, osalipitirira, kusewera ndi moto. Pofika kugombe tinaima kaye panja kuwerenga mafunde, kulola akuluakulu adutse, kenako kulowa kumbuyo kwa lomaliza, kuzimitsa, kukweza mwendo, anyamata kudumpha nkugwira boti kuti lisapingase, nkulikoka msanga lisanamenyedwe ndi lotsatira. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, zovala zonse zonyowa, koma mwendo wa injini sunakhudze mchenga.

Loweruka

Usiku ndinatuluka kukaona nyali za asodzi a usipa, mzere wonse kunyanja, asiginala ali m'mabwato awo kukopa nsomba ndi nyalizo kuti a ukonde wa chilimira adzazinge. Amalume akuti kuyenda usiku pakati pa amenewo ndi phunziro lina lapadera ndipo si la chaka chino. Angondiuza kuti boti loyenda usiku limayenera kukhala ndi nyali, yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja, yoyera kumbuyo, ndipo ukaona yofiira ndi yobiriwira limodzi ndiye kuti likubwera pa iwe. Maboti ambiri kuno ndi tochi ya pafoni basi.

Poti boti likhala kaye mpaka mapepala atheke, mmawa uno taitsukuluza injini mu mgolo, ulendo uno ndachita ndekha amalume atakhala pa mpando akungoloza ndi ndodo. Chakumapeto ndinasolola payipi ya petulo injini ikulira kuti imalize yokha mafuta a mu kabuleta mpaka izime, kuti asaumiremo nkutseka majeti. Kenako kuiimika chilili kuti madzi onse atsike, kupukuta, kupaka girisi pa shafuti ya pulopela ndi pa zomangira, kubweza pulopela ndi pini yake yatsopano. Yasungidwa m'nyumba choimirira pa thabwa. Ikafunika kugonekedwa, mutu uzikhala pamwamba kuposa pulopela, apo ayi madzi otsalira amabwerera kudzera ku ekizozi nkulowa mu silinda.

Tagwirizana ndi anyamata pamaso pa amalume kuti pali kope lomwe azilembamo maola omwe injini yayenda ndi petulo yemwe wathiridwa, oyilo wa giya azisinthidwa pa maola 100 aliwonse, impela chaka chilichonse olo ioneke yabwino, pulopela izichotsedwa pafupipafupi kuona twaini. Wokwera ndi moto pamchenga impela yotsatira agula yekha. Mmodzi anang'ung'udza kuti asisi mwabwera ndi malamulo a ku Lilongwe, amalume amvekere ayi awa ndi anga, iyeyu wangogula kope.

Achimwene ngati mukuwerenga, Lolemba mupite mukafunse impela ina yapadera ndi magasiketi ake, mapulagi awiri, ndi ma layifi jaketi a ana chifukwa omwe alipo ndi a akuluakulu okhaokha. Nambala ya injini ndakutumizirani pa WhatsApp, muwaonetse ogulitsawo asakupatseni ya 25. Ine ndikunyamuka ikangokwana 2 koloko, ndanyamula usipa wofutsa ndi mpunga wa ku Lifuwu, mudzandichingamire ku depoti chifukwa thumba lake sindingathe ndekha.